Perete M'chigafa cha a Kwenda

A Gilibati Kwenda ndi alamu anga. Anakwatira mlongo wanga Rozina m'chaka cha 1981, ndipo nkhoswe ya kuchikazi ndinali ine. Ndayamba ndi zimenezi kuti wowerenga adziwe pamene ndaima. Sindikulemba za munthu wachilendo, komanso sindikulemba kuti ndiwatamande. Kusukulu ya mishoni ku Nkhoma anatiphunzitsa kuti munthu satamandidwa ndi abale ake. Ndingolemba zimene ndinaona, ndi zina zochepa zimene anandiuza okha.

Kwawo ndi ku Nathenje. Anabadwa mu 1958, mwana wachinayi wa mmisiri wokhoma zidebe. Sukulu analekezera Sitandade 6. Atafika zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu analowa gulu lija la achinyamata ovala yunifolomu, la nthawi ya chipani chimodzi. Kumeneko anaphunzira zinthu ziwiri: kuyendetsa lole ndi kugubitsa anthu. Pa kugubitsa anakwera msanga chifukwa anali ndi mawu. Akafuula pabwalo la mpira, amayi otunga madzi kudambo ankamva. Atakwatira anamanga nyumba kwathu, m'mudzi wa kufupi ndi Mitundu, monga achitira mkamwini aliyense, ngakhale kuti masiku ambiri ankakhala kuntchito.

Mu Disembala 1993 asilikali a boma analanda zida gulu lawo lija. A Kwenda anali ku Lilongwe tsiku limenelo. Anamva mfuti, anaona anzawo awiri atagwa, anavula malaya a yunifolomu n'kuwaponya m'ngalande, n'kuyamba kuthamanga. Sanadutse kunyumba. Analowa m'nkhalango ya Dzalanyama, n'kukhalamo milungu itatu akudya masuku ndi bowa, kenako anawolokera ku Mozambique. Anabwerera mu Juni 1994, chisankho chitatha, ataonda moti agalu a pakhomo pawo anawauwa.

Munthu amene anabwererayo sanali yemwe uja. Manja ankanjenjemera, tiyi ankatayikira pamalaya. Lole ikamveka mumsewu wa ku Mitundu ankasiya khasu n'kulowa m'chimanga. Anthu a m'mudzi sanawamvere chisoni kwenikweni, ndipo sindiwadzudzula. Ambiri anali ndi zawo zokumbukira. Inenso ndinali nazo.

Mu 1995 anapeza ntchito yoyendetsa galimoto ya dokotala wa ng'ombe, a Sunil, amene anachokera ku Sri Lanka kudzathandiza alimi a ng'ombe zamkaka. Tsiku lina akuchokera ku Dedza, asilikali anawaimitsa pa Diamphwe. Sanafune kanthu, anangoyang'ana kumbuyo n'kuwauza kuti apite. Koma a Kwenda analephera kuchotsa galimoto. Zala zinauma pachiwongolero, mpweya ukukana kulowa. A Sunil sanawafunse chilichonse. Anangowauza kuti atulutse kaye mpweya wonse, aulole ubwerere wokha, ndipo awerenge kupuma kulikonse mpaka khumi. Atafika pa khumi kachitatu, galimoto inanyamuka.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse asanapite kudibi, dokotala ndi dalaivala wake ankayala mphasa pakhonde. A Sunil anawaphunzitsa kuwerama, kupinda msana, kuima ndi mwendo umodzi, ndiponso kugona chagada osagwedezeka. Zimenezi anati dzina lake ndi yoga, ndipo anaziphunzira ku India ali pasukulu. Zokhala chete n'kumatsatira mpweya anati anaphunzira kwa mayi awo, amene ankatsata chiphunzitso cha Buda. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo zambiri za chiphunzitso chimenechi sindigwirizana nazo. Koma zimene a Kwenda anatolapo zinali zochepa ndiponso zosavuta kumva. Anati chilichonse chimene chayamba chimatha, ngakhale mantha. Ife amene tinali titangoona boma la zaka makumi atatu likutha, mfundo imeneyi sitikanaitsutsa. Anatinso zimene munthu wachita sizifufutika chifukwa chothawa, ndipo kuti m'mawa uliwonse munthu ayenera kuwafunira zabwino anthu amene amawaopa ndi amene anawalakwira, mmodzimmodzi, powatchula mumtima.

A Sunil anabwerera kwawo mu 1996. Anawasiyira mphasa ndi kabuku ka zithunzi.

Uphunzitsi wawo unayamba ndi msana wa Rozina. Aliyense amene anasankhapo fodya amadziwa mmene msana umapwetekera munthu akakhala pachiguduli miyezi itatu, miyendo atatambalitsa, akuwerama pamasamba. Chaka cha 1997 Rozina ankadzuka chogwira khoma. Amuna ake anamuonetsa zoti achite, ndipo patapita milungu iwiri ankasenza yekha ndowa. Anauza mnzake Esitere. Esitere anauza a Mbaraka, a sitolo ya pa Mitundu, amene msana wawo unaonongeka ndi matumba a mchere. Pofika Ogasiti, fodya atapita ku okushoni, anthu khumi ndi mmodzi ankasonkhana m'bandakucha m'chigafa cha a Kwenda, chomwe chinali chopanda kanthu. Amayi anadandaula kuti sangawerame anthu akuwaona, choncho a Kwenda anatchinga mbali zonse ndi udzu, n'kumanga chingwe pakati, amuna kutsogolo, amayi kumbuyo.

Apa ndi pamene analakwitsa, ndipo sanadziwe kuti akulakwitsa. A Sunil ankaphunzitsa munthu mmodzi, ndipo ankalankhula chapansipansi. A Kwenda anali ndi anthu khumi ndi mmodzi, ndipo njira yotsogolera gulu ankaidziwa imodzi yokha. Anawaika m'mizere yowongoka. Anaima kutsogolo. Ndipo anayamba kuwerenga ndi mawu aja.

Miyezi yomweyo kunali mphekesera yoti anyamata a gulu lija amene anatsalira ku Mozambique akusonkhana kuseri kwa Dzalanyama kuti abwerenso. Palibe amene anawaona, koma aliyense ankadziwa munthu amene anauzidwa ndi amene anawaona. Tsono taganizirani mudzi umene ukudzutsidwa m'mawa uliwonse ndi perete wochokera m'chigafa chotchinga, cha munthu amene anachokera ku nkhalango komweko.

Atsibweni athu a Petro, eni mbumba, anabwera kwanga Lachitatu masana. Si munthu waukali. Ndi munthu wamantha, ndipo tsiku limenelo anakana ngakhale mpando.

"Iwe Matthews, wamva zimene akuchita mkamwini wako?"

"Ndamva, atsibweni."

"Wamva ndi makutu ako, kapena wamva kwa anthu?"

"Kwa anthu."

"Ine ndamva ndi anga. Wani, thuu, wani, thuu. Asilikali akabwera muno sadzafunsa kuti nyumba ya Kwenda ndi iti. Adzayambira kumadzulo n'kutulukira kum'mawa. Unamulowetsa m'mudzi muno ndiwe, ndiye umutulutsenso ndiwe. Ana ndi athu. Iye atenge njinga yake ndi kabuku kakeko azipita ku Nathenje."

Kwathu kuno mawu amenewa si opepuka. Mkamwini akachotsedwa amachoka yekha, ana amatsala ndi mbumba. A Kwenda anali ndi ana anayi, ndipo wotsiriza, Carol, anali ndi zaka ziwiri. Ndinapempha kuti tikaone kaye ndi maso athu mawa lake m'mawa. Atsibweni anavomera, koma anati sapita okha.

Madzulo ndinakumana ndi Rozina panjira ya kuchigayo, ndipo ndinamuuza zonse. Anatula thumba pansi.

"Achimwene, munthu ameneyu wakhala akugona atavala nsapato zaka ziwiri zathunthu. Nsapato, pamphasa! Pano amavula. Ndiye mukufuna ayambenso kuvala?"

"Ine sindikufuna kanthu, Nambewe. Ndine nkhoswe chabe."

"Nkhoswe chabe," anatero, n'kusenza thumba lake.

Ndinamupempha kuti asawachenjeze amuna ake, chifukwa ndinkafuna kuona zinthu mmene zimakhalira masiku onse. Anasunga mawu anga. Pambuyo pake ndinazindikira kuti pempho limenelo likanatha kumuphetsa.

Kutangoyamba kuyera tinanyamuka. Ndinkayembekeza anthu atatu kapena anayi, koma panali amuna oposa khumi ndi asanu, ena ndi zibonga, ena ndi zikwanje. Masautso, mwana wa Esitere, bambo wa ana awiri, anali ndi botolo la parafini m'thumba la jekete. Ndinaliona, n'kupitiriza kuyenda. Kunkazizira, mame akunyowetsa mathalauza. Tisanafike n'komwe pamunda wa a Kwenda, mawu anatipeza.

"Manja m'mwamba! Wani! Thuu! Thirii! Gwira pomwepo! Osagwedera kumbuyoko!"

Ndinaima panjira pomwepo. Ndiyenera kufotokoza chifukwa chake. M'chaka cha 1986, tsiku la msika pa Mitundu, ndinaiwala kadi ya chipani m'jekete ina. Anatisonkhanitsa anthu ngati makumi atatu, n'kutilamula kuti tigwire makutu, tidumphe ngati achule kuchokera pogulitsira nyama mpaka pamsewu. Ndinali mphunzitsi wamkulu nthawi imeneyo, ndipo ana a sukulu yanga anali pomwepo akuonerera. Amene ankawerenga anali alamu anga. Anayang'ana kumbali nthawi yonseyo, koma sanasiye kuwerenga. Zaka khumi ndi chimodzi zinadutsa, tikudya m'mbale imodzi pamaukwati ndi pamaliro, osaitchula nkhaniyi.

Titayandikira, mawu aja anasiya. Kunangoti zii. Tinadikira, osamva ngakhale kutsokomola. Atsibweni anapatula udzu ndi chala n'kusuzumira, kenako anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa.

"Wawapha," ananong'ona.

Ndinasuzumira nanenso. Anthu khumi ndi mmodzi anali atagona chagada paziguduli, m'mizere iwiri, manja ali m'mbali, zikhatho zitayang'ana kumwamba, maso ali chotseka. Umu ndi mmene timagonekera maliro. Ndinazindikira mapazi a mlongo wanga. Kumbuyo kwanga ndinamva Masautso akutsegula botolo, fungo la parafini n'kundifika. Udzu unali wouma wa mu Ogasiti, ndipo khomo linali limodzi. Mayi ake a Masautso nawonso anali momwemo.

Ndiye munthu wina m'katimo analiza mkonono. Unali mkonono waukulu, wa munthu wokhuta, ndipo unachokera kwa a Mbaraka.

Palibe anaseka. Koma Masautso anaima, ndipo atsibweni anakankha chitseko cha udzu n'kulowa, ife tikutsatira.

A Kwenda anali atakhala pamphasa yawo kutsogolo, miyendo atapinda. Atatsegula maso anaona zibonga, zikwanje ndi botolo lotsegula. Ndinkawayang'anitsitsa, choncho ndikudziwa zimene ndikunena. Nkhope inasanduka ngati phulusa. Thupi lonse linatembenukira kumadzulo, kumene udzu unali wopyapyala, ndipo dzanja limodzi linali litagwira kale pansi kuti adzuke. Akanathawa, amuna aja akanawathamangitsa, ndipo sindikhulupirira kuti akanafika kudambo. Kenako ndinamva akutulutsa mpweya, wautali, wonjenjemera. Anakokanso wina. Dzanja lija analibweza pabondo.

"Takulandirani, atsibweni," anatero. Mawu anali aang'ono kwambiri.

Ogona aja anayamba kudzuka. Amayi anakokera zitenje kumapazi. A Mbaraka anadzuka pomalizira, akutikita m'maso.

"Kodi tamaliza? Aa, alendo! Iwe Masautso, parafini ameneyo si wa m'sitolo mwanga? Ndinakugulitsa kuti uziunikira m'nyumba, osati uwotchere wogulitsa."

"Masautso, tseka botolo limenelo ndisanakuvulire chitenje pano," anatero Esitere kuseri kwa chingwe. Masautso anatseka.

"Mukuphunzitsana nkhondo muno?" anafunsa atsibweni.

"Nkhondo yake iti yomenya chogona, a Petro?" anayankha a Mbaraka. "Ine mdani wanga ndi msana."

"Nanga pereteyu ndi wa chiyani?"

A Kwenda anayang'ana atsibweni, kenako ine. Ndinaona kuti sakumvetsadi.

"Perete uti? Tikungowongola misana, atsibweni. Kabuku ndi aka, onani zithunzi."

Ndinalankhula ndisanaganize. Ndikanaganiza, sindikanalankhula.

"Alamu, nkhani si misana. Ndi mawu anuwo. Mudzi wonse ukuwadziwa. Ine ndinawamva pamsika mu 1986, nditagwira makutu."

M'chigafa munali anthu pafupifupi makumi atatu, ndipo ambiri ankaidziwa nkhaniyi, ngakhale kuti palibe anaitchulapo pamaso panga. Onse anayang'ana pansi. A Kwenda okha ndi amene anandiyang'ana.

"Munavala jekete yabulauni," anatero. "Munagwa kawiri, kachiwiri pafupi ndi ogulitsa tomato. Ndinafika pa sikisite-folo. Dzina lanu, alamu, ndimalitchula m'mawa uliwonse ndikakhala pamphasa pano. Ndi lachitatu."

Sindinadziwe chochita ndi mawu amenewa, ndipo mpaka lero sindidziwa. Sindinawapemphe kuti azinditchula. Sindinafunsenso kuti awiri oyambawo ndi ndani.

"Wadzimvera wekha, nkhoswe," anatero atsibweni. "Nena."

Rozina anali ataima kumbuyo kwa chingwe, osandiyang'ana. Ndinati udzu wonse wa m'mbali ugwetsedwe tsiku lomwelo. Ndinati mawa lake achite zinthu zawozo poyera, pansi pa mtengo wa mango wa pakati pa mudzi, dzuwa litatuluka, aliyense akuona ndi kumva. Munthu mmodzi yekha akamvamo perete, a Kwenda apite kwawo. Anthu ena pambuyo pake ananditamanda kuti ndinaweruza mwanzeru. Asanditamande. Ndinkadziwa kuti munthuyu sadziwa kuwerenga mwanjira ina, ndipo mbali ina ya mtima wanga inkayembekeza kuti alephera.

Mawa lake mudzi wonse unabwera, ndi ena a midzi yoyandikana nayo. Mwa ophunzira khumi ndi mmodzi aja, anabwera asanu okha: Rozina, Esitere, a Mbaraka, ndi amuna ena awiri. Anayala ziguduli zawo mmene anafunira, popanda mizere. A Kwenda anaima kutsogolo opanda nsapato. Rozina anali atawamangira kale zovala m'kachikwama, chifukwa anamuuza okha kuti atero, ndipo njinga inali itatsamira pamtengo.

Anatsegula pakamwa. "Wa..."

Liwulo linatuluka ngati mkwapulo, ngakhale kuti anayesa kulichepetsa. Mkulu wina amene anakhala pafupi nane anadzidzimuka n'kugwira chipewa. Mayi wina anakokera mwana wake kumbuyo. A Kwenda anatseka pakamwa.

Anaima choncho nthawi yaitali. Kutali, mumsewu wa ku Mitundu, kunadutsa lole, ndipo tonse tinaimva mpaka inazimiririka. Atsibweni anayang'ana njinga ija. Ine ndinayamba kukonza mumtima mawu oti ndikanene kwa nkhoswe ya kuchimuna ku Nathenje.

Kenako a Kwenda anakoka mpweya ndi mphuno, pang'onopang'ono, mokweza moti tinaumva, uku akukweza manja. Sananene kanthu. Rozina anakweza ake. Enawo anatsatira. Anatulutsa mpweya akuwerama, onse n'kuwerama. Anapitiriza choncho, ophunzira akuyang'ana thupi lawo ndi kumvetsera mpweya wawo. Pamene wina walakwitsa, ankapita n'kumuonetsa ndi dzanja. Pafupifupi ola lathunthu linatha popanda liwu limodzi.

Anthu oonerera poyamba anali chete ngati ali pamanda. Zinasintha pamene anafika poima ndi mwendo umodzi. A Mbaraka anapendekera kumanzere, n'kupendekera kumanja, n'kugwera pachiguduli miyendo ili m'mwamba, kofia ikugubuduka.

"Asilikali ake ndi amenewa?" anafuula mayi wina. "Tagonani mwamtendere, anthuni!"

Mudzi wonse unaseka, ngakhale Masautso. Atsibweni sanaseke. Anadzuka ophunzira aja asanamalize, n'kundikodola.

"Ndi zamisala zimenezi," anatero. "Koma misala sitithamangitsira munthu. Uwauze achotse njingayo pamtengopo, ikutchinga njira."

Umo ndi mmene a Kwenda anatsalira m'mudzi mwathu. Papita zaka zitatu tsopano. Amaphunzitsa pansi pa mango paja kawiri pamlungu, ndipo Loweruka amapalasa njinga kupita ku Nathenje, kumene osoka zovala ndi onyamula katundu pamsika amawadikira kuseri kwa chigayo. Nthawi yosankha fodya anthu amachuluka, nthawi ya dzinja amachepa. Saphunzitsa ndi mawu mpaka lero. Amene akufuna kudziwa za Buda amawafunsa pambuyo pake, ndipo amayankha mwachidule, chapansipansi, moti munthu amachita kusendera pafupi. Kutchalitchi amabwera n'kukhala kumbuyo. Akulu a mpingo takambirana za iwo kawiri, ndipo sitinagwirizane.

Sindinena kuti anachira. Lole ikadutsa amasiyabe kulankhula mpaka itapita. Pali mabanja awiri m'mudzi muno amene sawapatsa moni, ndipo ali ndi zifukwa zawo. Ine sindinayalepo chiguduli pansi pa mtengo uja, ndipo nkhani ya pamsika sitinaitchulenso.

Carol wayamba Sitandade 1 chaka chino, ndipo amamuperekeza ndi bambo ake. Ndikapita kwawo m'mawa kwambiri, khomo lisanatsegulidwe, ndimapeza nsapato zawo zili panja pakhonde, zitanyowa ndi mame. Rozina amadandaula kuti tsiku lina agalu adzazitenga.